Magazi Amakani a Amuna Anga

Amuna anga anapondedwa ndi minibasi yawo yomwe, m'kati mulibe munthu. Apolisi atabwera kudzafunsa amene ankayendetsa, ndinawauza zoona zokhazokha, kuti dalaivala anali pansi pa galimoto, ndipo wapolisi wamkuluyo anandiyang'ana ngati ndalawira kumwa.

Timakhala pamtunda, m'mbali mwa msewu wotsikira ku Chikale. Kuno kwathu malo athyathyathya ndi osowa. Ukagwetsa lalanje pakhonde umakalitola kwa aneba achitatu. Amuna anga kwawo ndi kumapiri, kuseri kwa Mzuzu, ndipo anabwera ku Nkhata Bay ndi ntchito ya galimoto n'kukodwa ndi ine, mwana wa msodzi. Minibasi yawo inkayenda pakati pa boma ndi Mzuzu. Handibuleki yake inafa ana athu akadali ku pulayimale, ndiye m'malo mwake ankaika mwala kutayala la kumbuyo. Ndikawauza kuti akakonzetse, ankandiyankha kuti mwala suduka waya, sufuna girizi, ndipo Mulungu anaumwaza paliponse kuti anthu anzeru aziugwiritsa ntchito.

Linali Loweruka m'mawa, nyengo ya mvula, dothi litafewa. Iwo analowa pansi pa galimoto ndi sipanala kukamanga paipi ya utsi yomwe inkalendewera. Ine ndinali kuseri kwa nyumba, ndikuyanika chinangwa cha nsima ya kondowole pathandala poti kadzuwa kanali katatuluka. Ndinamva phokoso ngati munthu waponda dengu louma. Kenako ndinamva mawu awo, osati kukuwa ayi, kuitana wamba ngati mmene amaitanira akafuna madzi osamba.

"Mayi, tabwerani."

Nditazungulira kumaso ndinapeza minibasi yatsika yokha mpaka m'nthochi za aneba, yaima bwinobwino ngati yafika pa siteji. Mwala unali utamira m'matope. Iwo anali chagada, tayala litawadutsa pantchafu ndi m'chiuno. Mwendo wamanzere unali utaloza kumene mwendo suloza, ndipo buluku lonse linali magazi okhaokha. Choyamba chimene anandifunsa chinali chakuti galasi lakutsogolo lasweka kapena ayi.

Aneba anathamangira. Tinamanga ntchafu ndi chitenje changa, tinazula chitseko cha bafa n'kuwagonekapo. Galimoto imene inapezeka inali ya bambo wina wogulitsa nsomba amene ankachokera kunyanja, choncho amuna anga anapita kuchipatala ali pakati pa mabeseni a usipa. Anafika akununkha ngati ndiwo.

Ine ndinakulira m'nyumba ya asodzi. Mabala a mbedza, a mpeni, a chikwanje, ndawaonapo ambiri, ndipo ndinkadziwa kuti magazi amatuluka, kenako amaundana, nkhani n'kuthera pomwepo. Awo sanatero. Bandeji iliyonse imene anesi ankamanga inkanyowa asanamalize kumanga. Ngakhale pamkono pamene anawabaya singano ya diripi, kabowo kosaoneka n'komwe, pankangochucha. Manja awo anayamba kuzizira, milomo inayera, kenako anasiya kulankhula. Apa m'pamene mantha anandigwira, chifukwa munthu ameneyu amalankhula ngakhale mswachi uli m'kamwa.

Dokotala anali mtsikana wochepa thupi, wa msinkhu wa mwana wathu woyamba, wolankhula Chichewa cha kuchigawo chapakati. Anandifotokozera akuyenda, ine ndikumutsatira pambuyo. Anati m'magazi muli tinthu timene timathamangira pabala kukatseka, koma thupi likaphwanyika kwambiri chonchi timathamangira paliponse nthawi imodzi mpaka kutha. Munthuyo akazizidwanso, magazi otsalawo amangokhala ngati madzi. Anawafunditsa mabulangete, anawaika magazi amene analipo, ndipo anati ndipeze anthu odzapereka ena pamene iwo akukonza zowatumiza ku Mzuzu.

Amuna anga ali ndi abale ambiri. Pa Khirisimasi amadzaza minibasi osalipira, uku akunena kuti magazi ndi amodzi. Tsiku limenelo ndinawaimbira onse amene amakhala pafupi. Wina anali ndi bipi. Wina anali atangochira malungo. Wina anati abwera pompano, ndipo ndikuganiza kuti akadali m'njira. Amene anabwera anali oitanira a pa siteji, anthu omwe amuna anga ankawatcha mbava tsiku lililonse kuyambira m'mawa. Anabwera gulu, ndipo sindikukayika kuti mbiri ya chakumwa chozizira ndi bisiketi zimene amapatsa ukamaliza inathandizako. Ena anabwezedwa poti anali atayamba kale Loweruka lawo. Kumbuyo kwa onsewo kunali dalaivala wina wamtali, mdani wawo weniweni wa amuna anga. Awiriwa anali asanapatsane moni chiyambire tsiku limene anakanganirana mayi wina wa katundu wambiri, wina kukoka thumba, wina kukoka mwini thumba. Anapereka magazi, anamwa chakumwa chake, n'kundipempha kuti ndisawauze. Nesi anandiuza kuti magazi a anthu amenewa salowa mwa amuna anga lero, ayamba ayezedwa kaye ndipo mwina adzathandiza ena. Mfundo imeneyi ndinaisunga ndekha.

Tinakwera ambulansi. Msewu wa ku Mzuzu anauyenda moyo wawo wonse, koma anali asanauyendepo chogona. Ndinakhala pambali pawo nditagwira thumba la magazi kuti lisamagwedezeke m'makona, ndikuwayang'ana pachifuwa kuti ndione ngati chikukwera. Titadutsa pa Mpamba, pamene chitunda chimayamba kuvuta, anatsegula maso pang'ono, milomo ikugwedera. Ndinaweramira pafupi kuti ndimve mawu awo, ndikuganiza kuti mwina ndi omaliza. Anati dalaivalayu amachedwa kusintha giya.

Ku Mzuzu tinapeza alamu anga atatidikira pageti. Amenewa ndi mlongo wawo wamkulu, amagulitsa kaunjika mumsika, ndipo ndi amene anawalera amayi awo atamwalira. Pa chifukwa chimenechi amaona ngati mchimwene wawoyo anangondibwereka, tsiku lina ndidzabweza. Sanandikhululukire kuti ndine wa kunyanja, kwa anthu odya chinangwa chovunda, monga amanenera. Tinawapeza atamanga chitenje m'mimba, akulira kale kulira kwa pamaliro, kotchula ndi mayina a akufa akale komwe.

Amuna anga ali m'fiyeta, alamu anali pa foni kuuza akumudzi kuti zikavuta mwambo ukachitikira kwawo, osati kunyanja kotentha. Atamaliza anakhala pafupi nane pabenchi, n'kufunsa khoma kuti kodi galimoto imayenda yokha bwanji. Khoma silinayankhe, ndiye anandiyang'ana ine.

"Alamu," ndinatero, "galimoto imeneyo kuti ilire timaikankha anthu anayi. Mfiti imene yaiyendetsa yokha ndipezereni, tiilembe ntchito."

Tinadikira pabenchipo mpaka madokotala atatuluka.

Anawaika zitsulo m'ntchafu, anamanga chiuno, ndipo magazi anasiya kuchucha. Mawa lake anatsegula maso, anamwa phala, anadandaula kuti mulibe shuga. Amayi a kutchalitchi kwathu anakwera kudzawaona, anaimba nyimbo ziwiri chapansipansi, ndipo tonse tinati zoopsa zadutsa. Ine mpaka ndinayamba kuganiza za chinangwa changa chimene ndinachisiya pathandala.

Patangopita masiku ochepa thupi linatentha. Poyamba zinali zoseketsa, ndisaname. Anayamba kubwebweta, ndipo wodi yonse anaisandutsa minibasi. Ankaitana kuti Mzuzu, Mzuzu, awiri okha. Nesi akabwera ndi mankhwala ankamuuza kuti asunthire kumbuyo, mpando uliwonse ndi anayi anayi. Pabedi loyandikana panali mkulu wina wothyoka mwendo, ataukoleka m'mwamba ndi zingwe, ndipo amuna anga anamuuza kuti ngati salipira atsike pompano. Mkuluyo anayankha mwaulemu kuti akanakonda kutsika.

Kenako kuseka kunatha. Kupuma kunayamba kuthamanga, mkodzo m'thumba unachepa n'kuda, khungu linkatentha ngati lata masana. Sankandizindikira. Dokotala wa kumeneko anali bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerengera mawu. Anatiitana ine ndi alamu pakhonde la wodi. Anati ayeza magazi ndipo asilikali a m'thupi asokonekera, ena achuluka mopitirira, ena atsika kwambiri. Anafotokoza kuti tsiku la ngozi asilikaliwo anadzuka onse nthawi imodzi, ndipo posapeza mdani anayamba kumenya zimene zinali pafupi, mapapo, impso, chilichonse. Tsopano atopa, agona, ndipo tizilombo tapeza chipata chili pululu.

Alamu anati sanamvetse. Ine ndinamvetsa bwino lomwe, poti kwathu tinali ndi gulu la achitetezo a m'mudzi lotero ndithu. Anamenyapo mwini nyumba akuchokera kuchimbudzi chake, koma tsiku limene akuba ananyamula injini ya boti la achimwene anga onse anali mtulo.

Anawasamutsira kuchipinda cha odwala kwambiri, kumene amalola kulowa mmodzimmodzi, kwa kanthawi. Ndinkawapeza ali ndi chophimba cha okosijeni kumaso, mankhwala akutsika m'mapaipi mbali zonse ziwiri. Ndinkawagwira phazi, poti ndi pokhapo panalibe paipi. Ine si munthu wa mapemphero ataliatali. Ndinangomuuza Mulungu kuti sindikupempha mwamuna wabwino kuposa uyu, ndipo sindikulonjeza kuti uyu akachira asintha, chifukwa tonse awiri tikumudziwa. Ndinati andibwezere yemweyu, ndi makani ake omwe, ndinamuzolowera.

Ife osamalira odwala tinkagona m'chisakasa cha kuseri kwa chipatala, ndipo ine ndi alamu tinkagona pamphasa imodzi, titafulatirana. Kuzizira kwa ku Mzuzu munthu wa kunyanja sangakupirire. Ndinkanjenjemera mpaka mano kuwombana. M'mawa wina ndinadzuka nditafunda chijekete chachikulu chachimuna, chonunkha belo la kaunjika. Alamu anali panja akukoleza mbaula. Sanatchule za jeketelo, ine sindinathokoze. Anangoti tiyi wanga ndimathira madzi ambiri.

Kutentha kunatsika pang'onopang'ono. Tsiku lina ndikulowa, anandiyang'ana n'kundifunsa kuti jekete limenelo ndi la mwamuna wake uti. Ndinatuluka panja kukalira, kenako ndinabwerera kukawayankha moyenera.

Anabwerera ku wodi wamba ataonda, khosi ngati la nkhuku yososoledwa nthenga. Tinkawatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa. A zolimbitsa thupi ankabwera kudzawauza kuti azigwedeza mapazi ndi zala pafupipafupi, koma iwo ankati sanabwere kuchipatala kudzavina. Ndiye m'mawa wina tikuwapukuta tinaona kuti mwendo wamanja, wabwinowo, umene tayala silinaukhudze n'komwe, watupa. Katumba anali atalimba, akutentha, khungu likunyezimira. Iwo anati ukupweteka ngati wakokana.

Alamu anati ndi kugona kwambiri, magazi atsikira kumiyendo, ndipo mankhwala ake ndi kuthowa. Nanenso ndinkadziwa choncho, amayi anga ankatero. Anabwera ndi madzi otentha m'beseni ndi kansalu, anakwinya manja a bulauzi, n'kuyamba kukanya katumbayo ndi mphamvu zawo zonse, mchimwene wawo akubuula. Nesi wina akudutsa anaponya pansi zimene ananyamula n'kuwagwira dzanja. Anati mwendo umenewu asaukhudzenso munthu mpaka dokotala auone.

Anaujambula ndi makina aja amayezera amayi oyembekezera, zimene zinawanyazitsa kwambiri amuna anga. Dokotala wa imvi uja anati magazi aundana mumtsempha. Ndinamufunsa ngati akunena magazi omwe aja, amene tinachita kuwagwadira kuti aundane n'kukana. Anati omwewo. Thupi likavulala kwambiri limayamba ndi kulephera kuumitsa magazi, kenako limatembenuka n'kumaumitsa mopitirira, makamaka munthu akangogona osasuntha, ndipo asilikali osokonekera aja amathandizira. Choopsa n'chakuti chibuluma chikathothoka chimayenda ndi mtsempha mpaka kumapapo. N'chifukwa chake sathowa.

"Adokotala," ndinatero, "apa ndiye ndakhulupirira kuti magaziwa ndi awo enieni. Mukati imani, apita. Mukati pitani, aima."

Amuna anga anakana. Anati magazi a kwawo alibe khalidwe lotere, amenewa ndi obwera. Anafunsa kuti anapereka ndani. Nditawauza kuti ndi oitanira a pa siteji, anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza yankho la zonse. Anati nanga tinkayembekeza chiyani, magazi a anthu amenewo sanyamuka mpaka adzaze. Poona kuti akusangalala kwambiri, ndinawauzanso za dalaivala wamtali uja. Anayang'anitsitsa mkono wawo. Kenako anafunsa dokotala ngati pali njira yowachotsera.

Masana a tsiku lomwelo, tikuseka nkhani yomweyi ndi mkulu wa pabedi loyandikana, anagwira pachifuwa. Anati pakubaya. Anayamba kutsokomola, kupuma mwabefu, thukuta lili kamukamu pamphumi. Anesi anathamanga ndi botolo la okosijeni, anakoka makatani, ife anatitulutsa.

Ndinawapeza alamu atakhala pansi pakhonde, pasimenti penipeni, miyendo atatambasula. Sankalira kulira kwawo kwa pamaliro kuja. Ankangoyang'ana zikhatho zawo.

"Ndamupha ndine mwana wa amama," anatero.

Ndinakhala nawo pansi pomwepo. Mumtima mwanga munalinso mantha omwewo, koma ndinawauza kuti munthu amene minibasi yathunthu yalephera kumupha sangafe ndi manja opinda malaya a kaunjika. Ndinawauzanso kuti akanachedwa iwo ndi beseni lija, ndikanabwera nalo ndine. Anandigwira chala n'kuchifinya mpaka chinachita dzanzi. Dokotala atatuluka anati kachidutswa kakang'ono kakuoneka kuti kafika kumapapo, mwina kakanathothoka ngakhale popanda kuthowa, ndipo ayamba kale mankhwala. Anati tidikire. Tinadikira. Pofika mawa lake kupuma kunali kutabwerera m'malo, ndipo mkuja wake alamu anali atayambiranso kunena kuti phala langa lili ndi mibulu.

Mankhwalawo anali jakisoni wa pamimba, tsiku ndi tsiku. Munthu amene anapirira tayala ankatseka maso n'kugwira chitsulo cha bedi akaona kasingano kaja. Mimba yonse inadzaza madontho akuda ngati nthochi yakupsa. Koma kuyambira pamenepo mapazi ankawagwedeza osauzidwa, moti mkulu wa pambali anadandaula kuti bedi lawo likumulepheretsa kugona masana.

Tinabwerera ku Nkhata Bay mvula itatha, iwo ali ndi ndodo ziwiri. Kuchokera pamsewu kufika pakhonde pathu ndi pafupi, koma ndi chitunda, ndipo anakana kunyamulidwa. Anakwera okha, akupumira panjira, aneba onse atatuluka kudzaonerera n'kumati yewo ada, yewo ada, moni wa kwathu kunyanja kuno. Minibasi tinaipeza ikadali m'nthochi, nkhuku za aneba zitayamba kuikiramo. Tinaigulitsa kwa munthu wa ku Chintheche. Mwendo wamanzere unatsala waufupi pang'ono, ndipo sanabwererenso pa chiwongolero. Pano ali ndi kashopu ka mafuta a injini ndi zipangizo za galimoto pafupi ndi siteji, pamene amakhala tsiku lonse kuuza madalaivala zimene akulakwitsa.

Potitulutsa anawapatsa mapiritsi osungunula magazi oti amwe kwa miyezi ingapo. Anatichenjeza kuti azipita kukayezetsa, ndipo asamale kuti asadzicheke, chifukwa ndi mapiritsi amenewa bala limachedwa kuuma. Iwo anamva chenjezo lomalizali lokha. Anasiya kusenda nzimbe, anasiya kudya nsomba ya batala poopa minga, ankadutsa patali ndi mphaka. Lamlungu loyamba lopita kutchalitchi anaganiza zometa ndevu. Ndili kukhitchini ndinamva akuitana nyumba yonse. Ndinawapeza atagona pamphasa, dzanja lili pachibwano, lezala ali pansi. Anati nthawi yakwana. Anayamba kugawa katundu. Wailesi kwa mwana woyamba, masipanala kwa wachiwiri, nsapato zakuda zikapite kwa mlongo wawo akagulitse. Ndinachotsa dzanja lawo n'kuona kabala ngati kambewu ka mpiru. Ndinaikapo thonje n'kukanikiza ndi chala. Magazi analeka iwo ali pakati pogawa mbuzi.

Mapiritsi anawamaliza kalekale, koma lezala sanamugwirenso. Ndimawameta ndine, pakhonde, atakhala pa mpando wa pulasitiki, thawulo lili m'khosi. Kumasaya ndi kuchibwano ndimatha bwino, koma ndevu za pamlomo sindinaphunzire kuzilinganiza, mbali imodzi imatsala yaitali nthawi zonse. Kutchalitchi anthu onse amaona, palibe amene anawauzapo, ndipo kalilole ndinakamupachika kuchipinda cha ana.